Chitini Chili Pambali pa Makina Owotcherera

Mphwanga, tayang'ana pa benchi yako. Chitini cha mankhwala otsukira mabuleki chija chikutani pafupi ndi makina owotcherera? Uti ukufuna zonse zikhale poti utangotambasula mkono wazipeza. Tamvera zimene zinagwera mnzako.

Ku North Carolina, m'dziko la America, kuli mmisiri wodziwika popanga mafelemu a njinga. Mu 2009 iye mwini analemba m'magazini ya American Iron za tsoka lake. Tsikulo ankamata thanki ya dizilo. Mankhwala amene ankatsukira zitsulo masiku onse anali atasowa, ndiye anagwiritsa ntchito otsukira mabuleki. Anapukuta bwinobwino, koma timadontho tinatsalira m'timaenje ta chitsulo chodyeka. Moto utafika pamenepo panatuluka kautsi koyera, kochepa zedi. Anakapuma. Mapeto ake impso zinavulala, mapapo nawo anawonongeka.

Kautsi kameneko kanali phosgene, mpweya umene unapha asilikali ambirimbiri pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Mankhwala ena otsukira mabuleki amakhala ndi tetrachloroethylene, ndipo akakumana ndi moto wowotcherera amasanduka poizoni ameneyu.

Munthuyu sanali wophunzira kumene, anali katswiri. Analakwa pati? Anasintha mankhwala osawerenga chitini, kenako anawotcherera chitsulo chisanaume mpaka m'ming'alu. Iweyo kangati wagula china chifukwa chimene unazolowera chatha m'sitolo? Felemu yakale ya kabaza imene akubweretsera kuti uimate, yodzaza gilisi ndi dzimbiri pamene pamakumana mapaipi, ukuganiza kuti sanza yako imafika mkati mwa mphako zake?

Choopsa china n'chakuti moto suchita kufunika kukhudza dontho. Kuwala kwa makina amagetsi owotcherera kumatha kusandutsa ngakhale nthunzi ya mankhwalawa imene ili mumpweya. Nthunziyo ndi yolemera, imatsika pansi n'kumayenda mpaka pamene iwe wanjuta ndi chigoba kumaso. N'chifukwa chake potsukira ndi powotcherera sipayenera kukhala pamodzi. Felemu iyambire podulira ndi popalira mapaipi, ipite potsukira, iume panja, ndiye ifike pamoto. Powotcherera pakhale pakhomo kapena pawindo, mphepo izichotsa utsi kumaso kwako. Ngati shedi ndi yaing'ono, tsukira kunja. Kuyenda mapazi angapo sikukuchedwetsa ntchito.

Werenga chitini. Ukaona mawu akuti chlorinated, tetrachloroethylene, perchloroethylene kapena trichloroethylene, chisalowe n'komwe m'chipinda chowotchereramo. Usanyengedwe ndi mawu akuti sichiyaka: nthawi zambiri ndi mtundu womwewo umene umalembedwa choncho. Acetone amene opanga mafelemu ambiri amatsukira satulutsa phosgene, koma iye ndiye amayaka, monganso petulo ndi thinala, choncho akhale kutali ndi mphaliphali za gulayinda.

Tsono ukadzamva kafungo ngati ka udzu wongomweta kumene pamene ukuwotcherera, maso n'kuyamba kuyabwa, kukhosi n'kukanda, zimitsa makina, tulutsa aliyense, kuphatikizapo kamnyamata kamene kamakugwirira chitsulo. Phosgene amanamiza. Ukhoza kutsokomola pang'ono n'kudzimva bwino, koma patapita maola ambiri, mwina tsiku lathunthu, madzi n'kuyamba kudzaza m'mapapo uli m'tulo. Mmisiri wa ku North Carolina uja anachedwa masiku asanakaonane ndi dokotala. Iwe usamwe mkaka n'kukagona. Pita kuchipatala tsiku lomwelo, chitinicho uchinyamule kuti adokotala aone chimene wapuma.