Madzi Akumwa Chigumula Chikadutsa

Namondwe wa Freddy atadutsa m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023, mabanja ambiri ku Blantyre, Phalombe, Mulanje ndi Nsanje anakagona m'makalasi ndi m'matchalitchi. Madzi anali ponseponse, koma akumwa panalibe. Apo n'kuti kolera ali kale pakati pathu. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unatenga miyoyo ya anthu oposa 1,700.

Madzi akasefukira amadzaza zimbudzi, n'kukokolola zonyansa zonse kukazithira m'zitsime, m'madambo ndi m'mitsinje. Ngakhale mjigo umene mwakhala mukumwa kuyambira kale, ngati unamira, musaukhulupirirenso mpaka alangizi a zaumoyo atauthira mankhwala. Madzi ake amatuluka oyera mbee, koma tizilombo ta kolera ndi tayifodi sitioneka ndi maso.

Choyamba n'kuchotsa matope, chifukwa klorini sagwira bwino ntchito m'madzi a dothi. Tungani m'ndowa, vindikirani, muwasiye akhazikike kwa maola angapo. Kenako tsanulirani apamwamba m'chiwiya china pang'onopang'ono, mukusefa ndi chitenje choyera chopinda kanayi. Kumene kuli mtengo wa chammwamba, njere zake zouma zosinja zimathandiza dothi kutsika msanga. Koma madzi osefedwa sanafike pomwa, angoyeretsedwa nkhope chabe.

Ngati muli ndi WaterGuard, thirani kachivindikiro kamodzi m'malita 20, ndiye kuti ndowa yaikulu kapena chigubu chimodzi. Takasani kapena khutchumulani, mudikire mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhalabe otuwa, thirani tizivindikiro tiwiri. Klorini wosungunula kale amene alangizi amagawa m'midzi ndi m'makampu ali ndi muyezo wakewake. Funsani pomwepo polandira, ndipo botolo lake lizikhala pamthunzi, potalikira ana. Ndikudziwa kuti ambiri amadandaula ndi fungo, makamaka agogo amene amati madzi a mankhwala sathetsa ludzu. Ine ndimati kafungo kameneko ndi umboni woti mankhwala alimo ndipo akutetezabe madzi mumtsuko. Musachepetse muyezo pofuna kusangalatsa lilime.

Popanda mankhwala, wiritsani. Madzi abwate ndithu, kuchita kugaduka, kwa mphindi imodzi yathunthu. Kungofunditsa sikupha kanthu. Vuto ndi nkhuni, poti mvula ikagwa masiku angapo zonse zimakhala zonyowa ndipo makala amakwera mtengo. Zikatero, owiritsa akhale a ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi odwala. Dzuwa likatuluka liziwathandiza enawo: dzazani madzi osefedwa m'mabotolo a pulasitiki oonekera mkati, osapitirira malita 2, muwagoneke padenga la malata kwa maola 6. Kukakhala mitambo, masiku awiri.

Pamene ambiri timagwera m'mbuna ndi pa kasungidwe. Mayi avutika kusefa, awiritsa, athira mumtsuko, kenako mwana wochokera kuchimbudzi apisamo kapu pamodzi ndi zala zake. Ntchito yonse ija yapita pachabe. N'chifukwa chake chigubu cha kukamwa kwakung'ono chimaposa ndowa yotsegula, pakuti dzanja sililowamo. Chitsukeni ndi sopo kapena madzi a klorini musanayambe kusungiramo, ndipo chimene munasungiramo feteleza, petulo kapena mankhwala ophera tizilombo m'munda chisayandikire madzi akumwa. Ngati chimene chilipo ndi mtsuko kapena ndowa basi, ikhale yovindikira, pamalo okwera, ndi makapu awiri: ina ya chogwirira chachitali yotungira, ina yomwera. Pakampu pamene mabanja ambiri akumwa m'chiwiya chimodzi, gwirizanani kuti munthu mmodzi wamkulu ndiye azitungira anzake. Pakhomo pa chimbudzi ikani mpondagiya ndi sopo, kapena phulusa sopo akasowa.

Madzi otetezedwa omwewo ndi amene muzitsukira zipatso, mbale ndi makapu a ana, komanso kutsukira m'kamwa. Thobwa losungunula ndi madzi a pachitsime chomira ndi loopsa ngati madziwo.

Wina akayamba kutsekula m'mimba zamadzimadzi zooneka ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche. Kolera amatha kufoola munthu wamkulu m'maola ochepa. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ikasowa, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi. Mwetsani wodwalayo pang'onopang'ono ngakhale akusanza, khanda lipitirize kuyamwa, ndipo botolo la Thanzi mulitenge kuti azimwa m'njira popita kuchipatala.