Galu akakuluma: fizikisi ya dzino, kafumbata ndi ufulu wako

Sabata yatha tikuphunzira za pressure mu Fomu 3, mnyamata wina anandionetsa timabowo tiwiri pakatumba ka mwendo wake. Galu wa m'mudzi mwawo anamuluma dzulo lake akuchokera ku mjigo konkuno ku Chifunga. Magazi sanatuluke ambiri, ndiye kunyumba anangoti, "Aaa, kachilonda aka kapola kokha." Ndinasiya choko pompo, chifukwa samu ya pa bolodi ndi mwendo wa mnyamatayu zinali nkhani imodzi.

Mukukumbukira kuti pressure ndi force kugawa ndi area. Tiyerekeze kuti galu waluma ndi mphamvu ya 200 N, ndipo nsonga ya dzino lake ndi 2 mm², kapena kuti 0.000002 m². Gawani, mupeza 100,000,000 Pa. Mphamvu yomweyo ikanikizeni ndi chikhatho cha 0.01 m², mupeza 20,000 Pa basi. Manambalawa ndangosankha kuti tiwerengere, koma onani kusiyana kwake: maulendo 5,000! N'chifukwa chake dzino limalowa ngati msomali. Mkati lawononga patali, pamwamba langosiya kabowo kamene kamatsekeka msanga.

Kabowo kotere ndi komwe bakiteriya ya kafumbata, Clostridium tetani, amakakonda. Timbewu take tolimba timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto kwa zaka zambiri, ndipo timalowa m'chilonda pamodzi ndi fumbi la pakhungu kapena zonyansa za m'kamwa mwa galu. Bakiteriyayu sakula pamene pali mpweya wa okosijeni. Chilonda chotseguka sichimusangalatsa kwenikweni, koma chakuya, chopapatiza, chotsekeka pamwamba, ndiye wapeza nyumba. Paja ambiri amati kafumbata amabwera ndi dzimbiri. Ayi ndithu. Msomali wadzimbiri umaopsa chifukwa wakhala m'dothi ndipo umaboola mozama, monga dzino lija.

Akakula amatulutsa poizoni amene amatsata mitsempha mpaka kumsana ndi ku ubongo. Kuti mnofu ugwire ntchito bwino umafunika mauthenga awiri: wakuti "koka" ndi wakuti "masuka". Poizoniyu amatseka uthenga wachiwiriwo. Zili ngati njinga yoduka mabuleki pa mtsetse wochokera ku Neno boma. Nsagwada zimauma mpaka munthu kulephera kutsegula pakamwa, khosi limalimba, msana umapindika ngati uta, ndipo kaphokoso pang'ono kapena kuwala kumayambitsa kukokana thupi lonse. Minofu yopumira ikagwidwa, moyo uli pachiswe. Zizindikiro zimayamba pakati pa masiku 3 ndi 21, nthawi imene kachilonda kaja mwina kapola kale, aliyense waiwala.

"Koma sala, ifetu tinabayidwa katemera tili makanda." Zoona. Ana m'Malawi muno amalandira katemera wokhala ndi chitetezo cha kafumbata pa masabata 6, 10 ndi 14. Koma mphamvu yake imachepa pakapita zaka. Amayi oyembekezera ndi atsikana amsinkhu wobereka amakhala ndi mwayi wobayidwanso, pamene anyamata ambiri jakisoni wawo womaliza anali wa kusikelo. Inu anyamata, apa ndikunena inu.

Ndiye galu akakuluma, tsuka chilonda ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15 zathunthu. Wina aziwerenga pa foni, chifukwa mphindi 15 n'zambiri kuposa momwe timaganizira. Usathirepo phulusa, dothi kapena ubweya wa galuyo; kutero n'kudzala wekha timbewu tija. Kenako pita kuchipatala tsiku lomwelo, utatenga buku lako la kuchipatala. Yambira pa chipatala cha Chifunga. Ngati pakufunika kutero, adzakutumiza ku Lisungwi kapena ku chipatala chachikulu cha Neno.

Kumeneko funsa za matenda awiri, chifukwa palinso chiwewe. Chiwewe ndi vayirasi yochokera m'malovu a galu wodwala, katemera wake ndi wina, ndipo zizindikiro zikangoyamba pafupifupi aliyense amamwalira. Jakisoni wa kafumbata sateteza ku chiwewe. Uzanso alangizi a ziweto kuti galuyo amangidwe n'kuyang'aniridwa kwa masiku 10, koma iwe usadikire masiku amenewo kunyumba.

Nanga mwini galu? Pano ndisamale, ine ndine wa fizikisi, si loya. Koma mfundo yake ndi yosavuta: woweta galu ali ndi udindo wosamala kuti asavulaze anthu. Ngati ananyalanyaza, makamaka akudziwa kuti galu wake ndi wolusa, wolumidwa angathe kufuna chipukuta misozi: ndalama za thiransipoti, za mankhwala, ngakhale za ululu. Nkhani zambiri zimathera kwa amfumu, ndipo n'zabwino zikatha mwamtendere. Zikakanika, pali polisi ndi bwalo la majisitireti, ndipo Legal Aid Bureau imathandiza amene sangakwanitse kulipira loya. Mwana wosakwana zaka 18 amayimiriridwa ndi kholo kapena womulera. Chimene chimagwetsa milandu yotere n'kusowa umboni, choncho jambula chilonda, lemba tsiku ndi malo, sunga malisiti, dziwa amene anaona, ndipo zolembedwa m'buku la kuchipatala zikhale bwinobwino. Mwini galu akati, "Musadandaule, ndi wobayitsa," pemphani mwaulemu kuti aonetse chiphaso cha katemerayo. Ngakhale achionetse, n'cha chiwewe chokha. Za kafumbata sichikunenapo kanthu.

Mnyamata uja anapita kuchipatala masana omwewo ndi amalume ake. Inu otsala, homuweki nayi: dzino la mphaka ndi lopyapyala kuposa la galu. Tengani force ya 50 N ndi area ya 0.5 mm², mupeze pressure, kenako mundiuze Lolemba ngati kulumidwa ndi mphaka kuli kopepuka.