Phunziro: Za Sikwidi ndi Malo Ao Oikira Mazira

Mwezi uno tiphunzire za zamoyo zina za m'nyanja ya mcere, zimene ambiri a ife sitinazione ndi maso. Dzina lao ndi sikwidi. Siziri nsomba iai, pakuti ziribe minga kapena mamba. Thupi lao ndi lofewa, lalitali ngati cinangwa, ndipo kumutu kwao kuli miyendo 8, ndi ina 2 yaitali yogwirira cakudya. Zikaona mdani zilavula madzi akuda bii, nizithawa.

Mitundu yao ndi yambiri, koma ife tinena za umodzi wokhala kumwera kwa dziko la South Africa, umene asodzi a kumeneko ati chokka. Ikafika nyengo yakuswana, makamaka miyezi yotentha, sikwidi zicoka kwakuya nizisonkhana unyinji pafupi ndi gombe, pakati pa Plettenberg Bay ndi Port Alfred. Zamphongo zazikulu zilimbana, iri yonse kucinjiriza yaikazi yace; koma ziriponso zamphongo zazing'ono, zosakhoza nkhondo, zimene zifika kwa yaikazi mozemba. Yaikazi iika mazira m'timatumba tonga zala, nitimangirira pamcenga pansi pa nyanja. Zinzace ziika pomwepo, kufikira malowo aoneka ngati munda. Atapita masabata 3 kapena 4, monga mwa kufunda kwa madzi, tiana tituluka, tosafika pa njere ya mpunga, ndipo mayendedwe a madzi atinyamula.

Tsono tisamale mau awa. Sikwidi sizikhalitsa: moyo wao ndi caka cimodzi, kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo zifa itatha nyengo yao yakuswana. Cifukwa cace pakati pao palibe nkhalamba zakuti zidzaikanso mazira caka camawa. Mbadwo umodzi ukalephera, wotsatawo ucepa pomwepo.

Cobvuta cigona apa: malo oswanirawo ndiwonso malo osodzapo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 asodzi a ku St Francis Bay ndi midzi ina azigwira ndi zingwe za m'manja, nayatsa nyali usiku monga acita asodzi athu a usipa, ndipo zambiri zigulitsidwa ku Ulaya. Mabanja ambiri adya mwa nchito imeneyi. Potero boma linaika lamulo lakuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pakhale masabata osasodza, kuti zazikazi ziike mazira mwamtendere. M'caka ca 2013 sikwidi zinacepa kwambiri, asodzi nasauka. Ndipo pambuyo pace nyengo yoletsayo inaonjezedwa.

Taonani tsono, owerenga okondedwa, kuti msodzi wokoceza bwato lace masabata owerengeka afanana ndi mlimi wosunga mbeu m'nkhokwe pa nthawi ya njala. Mimba imuwawa lero, koma adzakhala naco cobzala.