Ndiwauze Bwanji Ana Kuti Ndalama Zachepa?

Funso: Ndimagulitsa ndiwo ku Chunga. Thumba la ufa la 25kg latikanika, tsopano timagula pamela. Ana anga, wa zaka 5 ndi wa zaka 8, amalirira buledi. Ndiwauze chiyani? Mayi wa ana awiri.

Yankho: Amayi, musawanamize kuti "mawa", mwana saiwala lonjezo. Wamkuluyo mupite naye pakantemba, mumupatse ndalama ya tsikulo awerenge yekha: ufa, makala, kapenta, n'kuona chotsala. Akamvetsa, adzakuthandizani kutonthoza mng'ono wake. Wamng'onoyo samva za mitengo. Akungofuna kumva kuti adya ndiponso kuti sanalakwe kanthu. Atsimikizireninso kuti sukulu sasiya, pakuti za boma n'zaulere kuyambira 2022. Koma za lendi ndi ngongole muzikambirana ana atagona.