Ulendo wa nthongo ya nsima m'thupi mwathu

Anzanga a Fomu 3 ndi a Fomu 4 amene mukukonzekera MSCE, mutu wa kagayidwe ka chakudya ine ndinkangouloweza kuti ndikhoze Biology basi. Ndinadzaumvetsa pamene mng'ono wanga anadwala. Ndiye ndati ndilembe momwe ndikuumvera tsopano, mwina wina athandizika.

Tiyerekeze kuti masana ano mwadya nsima ya usipa ndi nkhwani wotendera. Mu nsima muli sitachi, mu usipa muli mapuloteni, mu nsinjiro muli mafuta. Zonsezi ndi zazikuluzikulu, sizingalowe m'magazi momwe zililimo. Kugaya chakudya ndiko kuziphwanya mpaka zikhale tizidutswa totha kulowa m'magazi.

Ntchito imayambira m'kamwa. Mano amatafuna, lilime limatembenuza, malovu amafewetsa. M'malovumo muli enzyme yotchedwa amylase imene imayamba kusandutsa sitachi kukhala shuga. Kayeseni kunyumba: tafunani nthongo ya nsima yopanda ndiwo kwa mphindi ziwiri osameza, mumva kakutsekemera pang'ono. Amayi athu amaidziwa kale ntchitoyi. Akathira chimera m'phala la thobwa, phala lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, chifukwa m'chimera mulinso amylase.

Mukameza, kachivindikiro kotchedwa epiglottis kamatseka njira ya mpweya kuti chakudya chisasochere. N'chifukwa chake munthu woseka akudya amatsamwa. Kenako minofu ya kummero imafinya chakudya motsatizana kuchikankhira kumunsi. Kufinyaku ndiye peristalsis, ndipo kumapitirira mpaka kumatumbo.

M'chifu chakudya chimakhalamo maola awiri mpaka anayi. Muli asidi wamphamvu, hydrochloric acid, amene amapha tizilombo tambiri tobwera ndi chakudya. Mulinso pepsin, enzyme yoyamba kuphwanya mapuloteni a usipa uja. Nanga bwanji asidiyo sawotcha chifucho? Khoma lake limakutidwa ndi zoterera ngati therere. Zotererazi zikaonongeka ndi pamene munthu amadwala zilonda za m'mimba.

Kuchoka apo chakudya chimakhala ngati phala ndipo chimalowa m'matumbo aang'ono. Dzinali lisakupusitseni. Ndi aang'ono m'mimba mwake chabe, koma kutalika amakwana pafupifupi mamita 6. Koyambirira kwake, kumene buku limati duodenum, kumathiridwa madzi a mitundu iwiri. Oyamba ndi ndulu, imene imapangidwa m'chiwindi n'kusungidwa m'kathumba kobiriwira kaja timasamala kuti kasaphulike tikamatumbula nkhuku. Ndulu si enzyme ayi, ndipo pamenepa ambiri timalakwitsa pamayeso. Iyo imangomwaza mafuta kukhala timadontho, monga momwe sopo amachitira pa mbale ya mafuta. Achiwiri amachokera ku pancreas, ndipo muli ma enzyme atatu oti muwakumbukire: amylase wa sitachi, trypsin wa mapuloteni ndi lipase wa mafuta. Pamapeto pake sitachi imakhala glucose, mapuloteni amakhala amino acids, mafuta amakhala fatty acids ndi glycerol.

Khoma la matumbowa lili ndi tizala miyandamiyanda totchedwa villi, ngati ulusi wa pathawulo. Tizalati timakulitsa malo oyamwira chakudya. Glucose ndi amino acids zimalowa m'magazi n'kuyamba zadzera kuchiwindi. Madzi ambiri amayamwidwanso momwemu. Zotsala, monga mitsitsi ya nkhwani uja, zimapita m'matumbo aakulu, otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Kumeneko madzi otsala amayamwidwa, zinazo n'kutuluka ngati chimbudzi.

Tsopano za mng'ono wanga. Mukukumbuka kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse. Anthu oposa 1,700 anamwalira. Usiku wina wa mvula mu Januwale 2023, mwanayo anayamba kutsekula m'mimba, zamadzi zokhazokha. Pofika mbandakucha maso anali atalowa m'kati, milomo gwaa. Agogo anati, "Musamupatse madzi, mungoonjezera kutsekulako." Sananene mwa nkhanza, ndi mmene anaphunzirira. Mwamwayi alangizi a zaumoyo amakhala pafupi nafe. Anasungunula Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, nati, "Muzimumwetsa pang'onopang'ono njira yonse mpaka mukafike." Tinamukweza pa kabaza, ine ndili pambuyo pa njinga ina ndi chigubu. Anagonekedwa masiku atatu, ndipo lero ali Sitandade 5.

Ndinafunsa aphunzitsi chifukwa chake madzi a mchere ndi shuga anamupulumutsa. Anandijambulira villi pabolodi. Tizilombo ta kolera timatulutsa poizoni amene amachititsa matumbo aang'ono kukhetsa madzi ndi mchere m'malo moyamwa. Chimene chimapha munthu ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo zitha kuchitika m'maola ochepa. Koma pakhoma la matumbo pali khomo lina limene poizoniyo salitseka. Khomo limeneli limalowetsa glucose ndi mchere zikabwera pamodzi, ndipo madzi amatsatira. Thanzi amadzera pamenepo. Mukasowa paketi, thirani masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Musachulutse mchere. Izi ndi zoti wodwala azimwa popita kuchipatala, osati zomukhazika pakhomo.

Kuno ku Golomoti mvula ikagwa madzi amasefukira, zitsime zosatetezedwa zimaipa msanga. Asidi wa m'chifu sangaphe tizilombo tonse, choncho tiyeni tizisamba m'manja ndi sopo tikachoka kuchimbudzi komanso tisanadye. Mango otola tizitsuka, madzi akumwa tiziwiritsa kapena kuthira kolorini. Agogo anga tsopano amasunga mapaketi awiri a Thanzi m'chitini cha singano.

Funso loti muyeserere: fotokozani zinthu zitatu zimene zimathandiza matumbo aang'ono kuyamwa chakudya bwino. Chimodzi ndakuuzani poyera, china ndachitchula modutsa. Mayankho mukaponye m'bokosi la kalabu ya sayansi lisanafike Lachisanu.

Wophunzira wa Fomu 3