Mphaka azituluka masana, usiku azigona m'nyumba

Ambiri timaweta mphaka chifukwa cha makoswe. Akayamba kuboola matumba a chimanga kapena kudya sopo mu golosale, timakapempha kamwana ka mphaka kwa aneba n'kukasiya kuti kadzionere kokha. Ndiye mukamuuza munthu kuti mphaka azigona m'nyumba, amafunsa kuti, "Nanga makoswe a kunkhokwe agwira ndani?" Funsolo ndi lomveka. Koma mphaka woyenda usiku wonse sakhalitsa. Wina amagundidwa ndi galimoto, wina amalumidwa ndi agalu, wina amadya khoswe yemwe wadya kale mankhwala n'kukafera kuseri kwa bafa. Palinso amene amagendedwa, poti m'madera ambiri mphaka wachilendo akalira pakhomo pakati pausiku, anthu amati watumidwa ndi mfiti. Ine ndimati mphaka azituluka masana, koma dzuwa likamalowa akhale atalowa m'nyumba. Makoswe a m'nyumba ndi a mu sitolo amayendanso usiku womwewo, choncho ntchito yake siima.

Yambani ndi kuona pamene mukukhala. Ngati nyumba yanu yayang'ana msewu wa tala wodutsa maminibasi, kapena mukukhala m'nyumba zosanja, mphaka akhale wa m'nyumba basi. Mupatseni zenera loti azionera kunja, malo okwera oti azikhalapo, chipika choti azinolerapo zikhadabo, ndipo muzisewera naye madzulo ndi kachingwe. Ngati muli kumudzi kapena muli ndi mpanda, akhoza kumatuluka, koma tsiku loyamba lisakhale lotuluka.

Mphaka watsopano mumusunge m'nyumba milungu iwiri kapena itatu. Mphaka amazolowera malo ndi fungo lake, ndipo mukamutulutsa msanga amayamba ulendo wofunafuna kumene anachokera. Kamwana musakachotse kwa mayi wake kasanakwane milungu 8, ndipo kasatuluke kokha kasanabayidwe katemera.

Katemera wa chiwewe ndiye nkhani yaikulu, ndipo apa musazengereze. Tikamva za chiwewe timaganiza za agalu okha, koma mphaka amene walumidwa ndi galu wodwala amatenga matendawa n'kubwera nawo pamphasa pomwe ana akusewera. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu, mankhwala ake palibe. Mphaka amabayidwa akakwana miyezi itatu, kenako muzibwereza monga akuuzirani a vetenale. Kawirikawiri amabayidwa chaka ndi chaka. Funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA, ndipo ku Blantyre a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera kuyambira mu 2015. Pa 28 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za matendawa, ndipo ndi tsiku labwino lodzikumbutsira kuti chaka chatha. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi mphaka wosadziwika, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo likhale laling'ono.

Chotsatira ndi kufula wamphongo ndi kutseketsa wamkazi. Mphaka wamkazi akhoza kutenga bere ali ndi miyezi 4 mpaka 6 yokha. Berelo limatenga pafupifupi masiku 65, ndipo pachaka akhoza kuswa kawiri kapena katatu. Timphaka timene mumationa kudzala ndi kumsika, tathothoka ubweya, maso ali manthongo okhaokha, timachokera apa. Wamphongo wosafula amayenda mtunda wautali kusaka akazi, amabwera ndi mabala a ndewu amene amatukusira, ndipo amakodzera zipupa. Akafulidwa amakonda kukhala pakhomo, ndipo makoswe amawagwirabe. Ntchito imeneyi ndi ya a vetenale, musaiyese nokha ndi lezala.

Tsopano kumuzoloweza kulowa. Chinsinsi chake ndi chakudya. Muzimupatsa chakudya chachikulu nthawi imodzimodzi madzulo, m'kati mwa nyumba, ndipo nthawi zonse muziyamba mwagogoda mbale yake ndi supuni n'kuitana kuti "pusi, pusi". Akazolowera, akangomva kulira kwa mbaleyo mudzamuona akutsika pampanda mchira uli m'mwamba. Akalowa, tsekani chitseko. Tsiku loyamba kumutulutsa likhale m'mawa asanadye, inu muli pomwepo, ndipo pakapita kanthawi mumuitane kuti adye. Masiku oyamba adzalira pachitseko usiku ndi kukanda. Mukamutsekulira kamodzi, waphunzira kuti kulira kumatsekula chitseko.

Anthu ena amamumana chakudya dala poganiza kuti akakhuta saona makoswe. Izi n'zolakwika. Mphaka amasaka ngakhale atakhuta, pomwe wanjala amapita kukavundukula mapoto a aneba n'kubwerako atathyoledwa mwendo. Nsima yokha siimukwanira, thupi lake limafuna nyama. Usipa, bonya kapena matemba zosathira mchere wambiri, zotsala za nkhuku zopanda mafupa ophika, ndi madzi abwino, n'zokwanira pakhomo pathu. Ndiwo za anyezi wambiri musamupatse, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu.

Wogona m'nyumba amafunika chimbudzi. Beseni lakale lothira mchenga wouma, loikidwa pakona kutali ndi mbale yake, limagwira ntchito. Chotsani zonyansa tsiku lililonse ndipo sambani m'manja ndi sopo. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi, chifukwa m'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala tizilombo ta toxoplasmosis timene timavulaza mwana ali m'mimba. Mphaka wotuluka panja amafunikanso mankhwala a njoka za m'mimba pafupifupi miyezi itatu iliyonse, ndi a utitiri. Koma mankhwala a utitiri a agalu, makamaka okhala ndi permethrin, amapha mphaka, ndipo Panado nayenso amapha. Musamumwetse mankhwala a anthu ngakhale akuoneka wodwala chotani.

Pomaliza kambiranani ndi aneba. Mphaka amakonda kusaka m'bandakucha ndi chisisira, nthawi yomwe anapiye, nkhunda ndi mbalame zakutchire zimagwidwa kwambiri. Choncho m'mawa musamutsekulire mpaka dzuwa litatuluka bwino. Anebawo apempheni kuti akafuna kuika mankhwala a makoswe azikudziwitsani, kuti mumutsekere m'nyumba masiku amenewo mpaka makoswe akufa atatoleredwa ndi kukwiriridwa. Inunso pakhomo panu siyani mankhwalawo, muzitchera misampha pamalo pomwe mphaka ndi ana sangafike.