Fani ikayamba kulira, musaikwezere nyimbo

Mnyamata wina wojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe mumzinda wa Lilongwe adagula kompyuta ya padesiki, yogwirapo kale ntchito koma yamphamvu ndithu. Pofuna kuisamala, adaiika m'kakabati kunsi kwa desiki, chogundiza kukhoma, ndipo pamwamba pake adayalapo chitenje kuti fumbi lisalowe. Sadadziwe kuti watseka mabowo amene mpweya umalowera ndi kutulukira.

M'miyezi yozizira zonse zidayenda bwino. Mavuto adayamba chilimwe chitalowa, nthawi imene maukwati amachulukanso. Fani idayamba kulira mokweza akangotsegula pulogalamu yokonzera mavidiyo, iye n'kumangokweza nyimbo. Kenako vidiyo imene kale inkatha asanamalize kudya idayamba kumugoneka mochedwa. Adaganiza za vairasi, nafufuta zonse n'kuikamo Windows ina, koma palibe chidasintha. Tsiku lina kompyuta idazima yokha ntchito ili mkati, iye adangoti ndi magetsi, ngakhale babu la m'chipindamo silidaphethire n'komwe.

Mnzake wokonza makompyuta adamuuza kuti, “Achimwene, bweretsani makinawo tiwatsegule, kulirako si kwabwino.” Iye adayankha kuti, “Ntchito zandichulukira, ndibwera ukatha mwezi uno.” Pakadafunda padajiwitsa. Usiku wina wa mu Okutobala, akumaliza vidiyo imene eni ake ankaifuna kutacha, kompyuta idazima osayakanso.

Atatsegula bokosi la kompyutayo, wokonzayo adapeza fumbi litamatirira pachitsulo choziziritsa purosesa, chija amati heatsink, ngati bulangete. Mipata ya chitsulocho sinkaonekanso. Atachichotsa, phala la thermal paste, limene limathandiza kutentha kuchoka pa purosesa kupita kuchitsulo, lidali litauma gwa, likungofumbutuka akalikhudza. Makapasita ena a pa motherboard adali atatupa pamwamba. Purosesa idapulumuka, koma motherboard idafunika ina. Mnyamata uja adalipira ndalama zambiri, ntchito idaima, ndipo banja la eni vidiyo ija lidauza abale ndi anansi kuti ndi wosadalirika.

Purosesa ndi kachipangizo kosakwana ndi chikhatho chomwe, koma mkati mwake muli matransisita mabiliyoni, ndipo magetsi onse amene imadya amasanduka kutentha. Core i9-13900K ya kampani ya Intel imaloledwa kudya mawati 253 ikapanikizika. Kutentha konseko kuyenera kudutsa pa phala lija, kulowa m'chitsulo, kenako fani n'kukukankhira kunja. Njirayi ikatsekeka penapake, madigiri amakwera. Mapurosesa ambiri a Intel malire awo ndi madigiri 100, pamene a Ryzen 7000 a kampani ya AMD ambiri malire awo ndi 95. Ikafika pamenepo, purosesa imadzichepetsa liwiro kuti izizireko, ndipo zikakanika imazimitsa kompyuta yonse. Kulira, kuchedwa ndi kuzima kuja adali machenjezo atatu otsatizana, ndipo onse mwini wake adawapezera chifukwa china.

Purosesa kufika madigiri 90 kwa kanthawi pa ntchito yolemera si imfa, idapangidwa kuti izipirira zimenezo. Choopsa ndi kutentha kosalekeza, tsiku ndi tsiku. Magetsi akamadutsa m'timawaya tosaoneka ndi maso ta mu purosesa, amakankha maatomu a chitsulo pang'onopang'ono mpaka kawaya kamapyapyala kapena kuduka. Mu 1969 James Black wa kampani ya Motorola adaonetsa mwa masamu kuti kuthaku kumafulumira magetsi akachuluka komanso kutentha kukakwera. Zipangizo zoyandikana ndi purosesa nazo zimavutika. Opanga makapasita okhala ndi madzi mkati amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umatsika ndi theka.

Kuti purosesa imathadi, dziko lidaona mu 2024. Anthu ambiri ogwiritsa ntchito mapurosesa a Intel Core a m'badwo wa 13 ndi 14, makamaka a i9 ndi i7, ankadandaula kuti magemu ndi mapulogalamu akungodzitsekera. Mu Julaye chaka chimenecho Intel idavomera kuti malangizo a mkati mwa purosesa ankapempha mphamvu ya magetsi yopitirira muyezo. Pambuyo pake idafotokoza kuti mphamvu imeneyi pamodzi ndi kutentha zinkakalambitsa msanga mbali ina ya purosesa. Kampaniyi idatulutsa malangizo atsopano kudzera mu BIOS, pulogalamu ya mu motherboard, nionjezera zaka 2 pa chitsimikizo cha mapurosesawo. Koma malangizowo amangoteteza purosesa imene isanaonongeke. Yoonongeka kale sichira, imafunika kusinthidwa. Amene muli ndi mapurosesa amenewa onetsetsani kuti BIOS yanu ndi yatsopano.

Ife kuno tili ndi chifukwa chokhalira tcheru kuposa a kumaiko ozizira. Fani imaziziritsa ndi mpweya wa m'chipinda momwemo, ndiye chipinda chikatentha purosesa nayo imayambira pamwamba. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40 m'chilimwe, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana kumatentha kuposa pabwalo. Fumbi la nyengo imeneyi nalo silichedwa kudzadza bokosi.

Kupewa kwake n'kotchipa. Ikani pulogalamu yaulere monga HWiNFO kapena Core Temp kuti muziona madigiri ndi maso anu. Ngati kompyuta sikuchita kanthu koma ikuonetsa 60 kapena 70, kapena ikangopatsidwa ntchito ikukakamira pamalire, mwina chilipo chalakwika. Bokosi lichotseni pansi ndi m'kabati, likhale pamalo opita mphepo, potalikirako ndi khoma, ndipo musalifunditse likuyaka. Pakatha miyezi ingapo, zimitsani, zulani pulagi, tulukani nalo panja mukapemerere fumbi ndi bulowa. Gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mwaliwiro pamene mukupemerera. Phala la thermal paste limafuna kusintha pakapita zaka zingapo, ndipo kadontho kofanana ndi njere ya nandolo n'kokwanira pa mapurosesa ambiri. Fani ikayamba kukhuluza kapena kuima, gulani ina msanga. Ntchito zolemera muzizichita m'mamawa kapena usiku kukazizirako, ndipo mafailo a makasitomala azikhala ndi kope lina kunja kwa kompyutayo.

Kwa ambiri a ife kompyuta ndiyo imalipira lendi ndi fizi ya ana, ndipo kugula ina si nkhani ya sabata imodzi. Mtengo wa thermal paste ndi fani yatsopano ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa motherboard, nanji mbiri ya ntchito yanu imene sigulidwa m'sitolo. Ngati yanu yayamba kulira, kuchedwa kapena kuzima yokha, onani madigiri lero lomwe, ndipo mupite nayo kwa wokonza ikadali yoyaka.